Funsani Aphungu: Mtima wa Mphunzitsi pa Nthawi ya Mliri

Makalata amene tasankha mwezi uno achokera m'boma la Mangochi, ndipo onse akukhudza aphunzitsi amene anapitiriza kugwira ntchito pa nthawi ya mliri wa Covid-19 komanso wa kolera umene unabwera pambuyo pake. Monga mwa nthawi zonse, mayina a eni makalata ndi a sukulu zawo tawabisa, ndipo makalata aatali tawafupikitsa.

FUNSO: Aphungu, ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimaphunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ina ya pulayimale m'mbali mwa nyanja, kudera la Makanjira. Mliri wa Covid-19 usanafike ndinali munthu wofatsa, moti ana ankandithamangira akandiona pa msewu. Kuchokera pamene sukulu zinatsegulidwanso mu 2020, mtima wanga sunakhalenso m'malo. Ndimapsa mtima pa zinthu zazing'ono, ndimakalipira ana mpaka mawu kusasa, ndipo tsiku lina ndinamenya mwana mbama chifukwa choti anathyola choko. Usiku sindipeza tulo, ndimangoganiza za ngongole ndi za achimwene anga amene anamwalira mu Januwale 2021, amene tinawaika m'manda mothamanga popanda ngakhale kugona pa siwa. Pa maphunziro ena amene tinachita ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'dera amakumanirako pa maphunziro, mlangizi wina anatiuza kuti mankhwala a zonsezi ndi emotional intelligence, luso lozindikira ndi kuwongolera zimene munthu akumva mumtima. Anzanga anaseka n'kunena kuti imeneyi ndi njira chabe yotiuza kuti tikhale chete pa nkhani ya malipiro. Kodi chinthu chimenechi n'chenicheni, ndipo chingathandize munthu amene ali ndi ana opitirira 100 m'kalasi imodzi? Ndine Mphunzitsi Wodandaula, Makanjira.

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri chifukwa cha imfa ya achimwene anu. Mwezi umene mwatchulawo unali wowawa kwa dziko lonse, chifukwa ndi pamene matendawa anabweranso mwamphamvu kachiwiri, ndipo pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Mabanja ambiri anaika abale awo mmene inu munaikira achimwene anu, anthu ochepa, nthawi yochepa, popanda mwayi wolira mokwanira. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndikuona kuti mkwiyo umene mukuudandaulawu sunayambire m'kalasi.

Taganizirani zimene mphunzitsi wa pulayimale anadutsamo. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020, matendawa asanapezeke n'komwe m'dziko muno, pakuti odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. Ana a makalasi olemba mayeso anabwerera pa 7 Sepitembala, ndipo ena onse, kuphatikizapo anu a Sitandade 2, anabwerera pa 12 Okutobala, patatha miyezi yoposa isanu ndi umodzi. Maphunziro a pa wailesi analipo, koma m'midzi ya m'mbali mwa nyanja si makomo onse amene anali ndi wailesi ndi mabatire, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri saphunzira kuwerenga popanda munthu womulozera zilembo. Anyamata ambiri anazolowera kukathandiza asodzi a usipa pa doko, atsikana ena sanabwererenso. Kafukufuku wa boma anapeza kuti pa nthawi yotsekerayo atsikana pafupifupi 40,000 anatenga mimba ndipo ana pafupifupi 13,000 analowa m'banja m'dziko lonse, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene ankatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi. Mutangoyamba kukonza zimene zinaonongeka, sukulu zinatsekedwanso mu Januwale 2021, ndipo pamene zinkayenera kutsegulidwa mu Febuluwale bungwe la Teachers Union of Malawi linatsogolera sitalaka yofuna ndalama ya chiopsezo. Bungwe la zaumoyo la World Health Organization linanena mu 2022 kuti m'chaka choyamba cha mliriwu matenda a nkhawa ndi ovutika maganizo anakwera ndi 25 peresenti padziko lonse. Choncho kusintha kumene mwaona mwa inu si chizindikiro chakuti ndinu munthu woipa kapena mphunzitsi wolephera.

Tsopano ku funso lanu. Chinthucho n'chenicheni. Akatswiri awiri a maganizo a anthu a ku America, Peter Salovey ndi John Mayer, ndi amene anachifotokoza mwadongosolo mu 1990, ndipo pambuyo pake anachigawa m'maluso anayi olumikizana. Munthu amayamba ndi kuzindikira zimene iye kapena mnzake akumva mumtima, kenaka amagwiritsa ntchito zimene akumvazo pomuthandiza kuganiza, amamvetsa chimene chazibweretsa ndi kumene zingamufikitse, ndipo pomaliza amatha kuziwongolera. Kafukufuku wochitika pakati pa aphunzitsi m'mayiko osiyanasiyana wapeza mobwerezabwereza kuti amene ali ndi maluso amenewa amatopa ndi ntchito mocheperako kusiyana ndi anzawo, ngakhale kuti kusiyanako si kwakukulu kwambiri moti n'kuthetsa mavuto onse. Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti maluso amenewa amaphunziridwa pa msinkhu uliwonse, ndipo munthu sachita kubadwa nawo.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchisiyanitse bwino, chifukwa ambiri amalakwitsa pamenepa, ngakhale alangizi ena. Kuwongolera zimene ukumva si kupirira chamumtima. Ambiri a ife tinaleredwa kuti munthu wamkulu saonetsa kupsa mtima kapena chisoni pagulu, ndipo mphunzitsi amayembekezeredwa kumwetulira pamaso pa ana ngakhale kunyumba kulibe ufa. Katswiri wina wa ku yunivesite ya Stanford, James Gross, anafufuza njira ziwiri zimene anthu amatsata. Yoyamba ndi yobisa pankhope zimene zili mumtima, ndipo anapeza kuti munthu akachita zimenezi nkhope imaoneka yabata koma thupi limakhalabe lili pa nkhondo, ndipo mkwiyo kapena chisonicho sichichepa. Yachiwiri ndi yoyang'ananso nkhaniyo mwa njira ina mtima usanakwere kwambiri, ndipo imeneyi imachepetsadi zimene munthu akumva. Inu mwakhala mukutsata njira yoyamba kwa nthawi yaitali, monga mphika wovundikira pa moto wosapha, ndipo mwana wothyola choko uja anangopezeka pafupi pa nthawi imene chivundikiro chinasuntha.

Nanga muyambire pati? Yambani ndi thupi lanu, chifukwa limadziwa msanga kuposa maganizo. Mkwiyo usanatuluke pakamwa pamakhala zizindikiro, ndipo munthu aliyense ali ndi zake: ena amamva kutentha m'khosi, ena amaluma mano, ena mtima umagunda mofulumira kapena manja amachita thukuta. Kwa masiku angapo musayese kusintha kalikonse, ingoonani kuti zanu ndi ziti ndipo zimabwera nthawi yanji. Mwina mupeza kuti zimabwera kwambiri chakumasana pamene dzuwa la ku Mangochi lakwera, ana atopa ndipo inu simunadye kanthu, kapena pa masiku amene mwezi wapita kutali ndipo wokongoza ndalama wayimba foni m'mawa. Mukaziona zikubwera, tchulani chamumtima dzina la chimene mukumva, momveka bwino: ndakwiya, ndachita mantha, ndatopa, ndawasowa achimwene anga. Zingaoneke ngati zachibwana, koma mu 2007 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Matthew Lieberman linajambula ubongo wa anthu ndipo linapeza kuti munthu akatchula dzina la chimene akuona kapena kumva, kachigawo ka ubongo kamene kamadzutsa mantha ndi mkwiyo kamachepetsa mphamvu. Kutchulako kumathandizanso m'njira ina, chifukwa nthawi zambiri mupeza kuti chimene mumachitcha mkwiyo ndi chisoni kapena mantha, ndipo chilichonse mwa zimenezi chili ndi chithandizo chake.

Ndikudziwa kuti mphunzitsi wa ana opitirira 100 sangatuluke m'kalasi kukapumula pansi pa mtengo, chifukwa pobwerera apeza ana akumenyana. Koma muli ndi chida chimene aphunzitsi a makalasi ang'onoang'ono amachidziwa kale, chimene ndi nyimbo. Mukamva kutentha kuja, yambitsani nyimbo imene ana amaidziwa kapena masewera oomba m'manja, mupatse mwana mmodzi kuti atsogolere, ndipo inu muimirire pakhomo n'kupuma pang'onopang'ono, potulutsa mpweya muzitenga nthawi yaitali kuposa poukoka. Kupuma kotereku kumachepetsa kugunda kwa mtima, ndipo mphindi imodzi kapena ziwiri zimakwana kuti dzanja lisanyamuke. Ikani botolo la madzi pa tebulo, ndipo musamabwere kusukulu osadya kanthu, ngakhale mbatata yokha.

Luso loyang'ananso nkhani mwa njira ina limafuna kuzolowera. Mwana akangokuyang'anani osayankha, maganizo oyamba amakuuzani kuti akuchita mwano. Koma kudera lanulo ana ambiri amalankhula Chiyao kunyumba, ndipo wa Sitandade 2 angakhale kuti sanamve bwino funso la m'Chichewa. Wogona m'kalasi angakhale kuti anachezera pa doko kudikira mabwato, kapena anachoka kunyumba m'mimba muli pululu. Wosamvera angakhale kuti akuleredwa ndi agogo chifukwa bambo ali ku Joni ndipo mayi ali pa geni. Sindikunena kuti mwana asadzudzulidwe. Ndikunena kuti mukadzifunsa kuti, kodi pangakhale chifukwa china, mtima umatsika pang'ono, ndipo chidzudzulo chimene chimatuluka chimakhala choyenerana ndi cholakwacho.

Za mbama ija sindikubisirani mawu. Kumenya ana n'koletsedwa m'sukulu zathu, ndipo kutopa kwanu sikuchotsa ululu ndi mantha amene mwanayo anamva. Ngati akadali pa sukulupo, muitaneni pambali n'kumuuza m'mawu osavuta kuti munalakwa ndipo simudzabwerezanso. Aphunzitsi ena amaopa kuti kupepesa kwa mwana kumachotsa ulemu, koma ine ndaona kuti mwana amene wamva munthu wamkulu akupepesa amaphunzira pamenepo chinthu chimene sichili m'buku lililonse la Sitandade 2.

Anzanu amene anaseka aja sanalakwe kotheratu, ndipo ndikufuna ndiwaikire kumbuyo pang'ono. Luso limeneli silichepetsa kalasi yanu kufika pa ana 60 amene boma limati ndiwo oyenera mphunzitsi mmodzi, silimanga nyumba ya mphunzitsi, ndipo silibweza ngongole ya katapila. Aliyense amene angaligwiritse ntchito pouza aphunzitsi kuti vuto lili m'mitima yawo yokha akulakwitsa, ndipo akuwonjezera katundu pa anthu olemedwa kale. Mkwiyo wanu pa malipiro ochepa ndi makalasi odzaza uli ndi chifukwa chomveka. Funso ndi lakuti ukupita kwa yani. Ukapita kwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, ulibe chimene ukonza. Ukapita ku msonkhano wa bungwe la aphunzitsi, kwa a PEA (mlangizi woyang'anira sukulu za pulayimale za m'dera) kapena ku komiti ya sukulu, m'mawu okonzedwa bwino ndi munthu amene mtima wake uli m'malo, umamveka kwambiri kuposa wa munthu amene akungokalipa.

Pomaliza pa kalata yanu, maliro aja sanathe. Kambiranani ndi abale kuti mukonze tsiku lokumbukira achimwene anu molingana ndi chipembedzo ndi mwambo wa kwanu, kaya ndi mapemphero, sadaka kapena kumanga chiliza, kuti mupeze mpata wolira pamodzi umene mliri unakulandani. Ndipo ngati kusowa tulo kukupitirira, pitani kuchipatala mukafotokoze monga mwandifotokozera ine. Werenganinso yankho la kalata yachitatu m'munsimu kuti mudziwe zizindikiro zimene siziyenera kudikira.

FUNSO: Aphungu, ine ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale chakumtunda, kudera la Namwera. Pa nthawi ya Covid-19 ndinkayenera kuonetsetsa kuti ana akusamba m'manja, avala zotseka pakamwa ndi mphuno ndipo akhala motalikirana, pamene zipinda ndi zochepa ndipo sopo ankatha msanga. Titangopuma pang'ono kunabwera kolera. Lero aphunzitsi anga asintha. Amafika mochedwa, amakangana pa zinthu zosadziwika bwino, ena sakonzekera n'komwe phunziro, ndipo mmodzi wayamba kubwera akununkha mowa. Ndawalembera makalata owachenjeza koma palibe chasintha. Inenso ndatopa. Kodi ndingowapereka kwa akuluakulu? Ndine Ahedi Otopa, Namwera.

YANKHO: Ahedi, musanawapereke, taonani kaye ngati chimene mukulimbana nacho ndi ulesi kapena kutheratu mphamvu chifukwa cha ntchito. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linaika vuto limeneli m'ndandanda wake wa mavuto a zaumoyo wotchedwa ICD-11, osati ngati matenda, koma ngati chotsatira cha kupanikizika kwa nthawi yaitali pa ntchito kumene sikunasamalidwe. Linatchula zizindikiro zitatu, ndipo zonse ndikuziona m'kalata yanu: kutopa kosatha ngakhale munthu atagona, kutaya chidwi ndi ntchito mpaka kuyamba kuinyoza, ndi kudziona kuti palibe chimene ukukwanitsa. Kalata yochenjeza imagwira ntchito kwa munthu amene ali ndi mphamvu koma sakufuna kuzigwiritsa ntchito. Kwa munthu amene mphamvu zamuthera, kalatayo imangomutsimikizira kuti palibe amene akumuona, ndipo amatalikira kwambiri.

Aphunzitsi anu sanapeze nthawi yopuma pakati pa miliri iwiriyi. Kolera anayamba mu Malichi 2022 m'boma loyandikana ndi lanu la Machinga, pambuyo pa mvula ya mkuntho ya Ana, ndipo anakhala mliri wa kolera woopsa kwambiri m'mbiri ya dziko lino, umene unapha anthu oposa 1,700. Mangochi linali pakati pa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Mphunzitsi amene tsiku lililonse amagwira makope a ana ochuluka, kumwa madzi a pa mjigo umodzi ndi iwo n'kubwerera kwa ana ake madzulo, ankakhala ndi mantha enieni, ndipo mantha a miyezi yambiri amatopetsa thupi ngakhale munthu sanadwale.

Chinthu choyamba chimene chili m'manja mwanu ndi nkhope imene mumalowa nayo pa sukulu m'mawa. Anthu amatengerana mmene akumvera mumtima popanda kudziwa, ndipo amatengera kwambiri kwa wowatsogolera. Ahedi akalowa atakwinya nkhope n'kuyamba ndi kuwerenga amene achedwa, mphunzitsi amatenga mtima womwewo kupita nawo m'kalasi, ndipo umakathera pa ana. Sindikukupemphani kuti muzinamizira kusangalala. Mukhoza kuwauza poyera pa msonkhano kuti nanunso zaka zimenezi zakulemerani, ndipo mudzadabwa kuona kuti mawu oterewa amatsegula pakamwa pa anthu amene akhala chete nthawi yaitali.

Chachiwiri, kumanani ndi mphunzitsi aliyense payekha, osati mu ofesi inu muli kuseri kwa tebulo ndi fayilo yake m'manja, koma pamalo pamene nonse mungakhale ngati anthu. Mufunseni mmene zinthu zilili kunyumba ndi chimene chikumulemera kwambiri pa ntchito, kenaka mukhale chete n'kumvetsera mpaka amalize, osamudula ndi malangizo. Ili ndi gawo la luso lija limene atsogoleri ambiri amalephera, chifukwa tinazolowera kuti wamkulu ndiye amalankhula. Mudzapeza kuti wochedwa uja mwina amayenda mtunda wautali pa njinga chifukwa pa sukulu palibe nyumba, ndipo wokangana uja ali ndi wodwala kunyumba. Zina mwa zimenezi simungazithetse, koma zina mungathe, monga kusintha ndandanda wa maphunziro kuti wochokera kutali asakhale ndi phunziro loyamba tsiku lililonse. Ndipo musadzudzule mphunzitsi pamaso pa ana kapena makolo, chifukwa manyazi otero sathera tsiku limodzi.

Pali nkhani ina imene siikambidwa kawirikawiri koma imawononga mtendere m'sukulu zambiri, ndiyo ya amene amasankhidwa kupita ku maphunziro okhala ndi alawansi. Pa nthawi ya miliri maphunziro oterewa anachuluka, ndipo pamene anthu omweomwewo ndi amene ankapita, otsala anasunga chakukhosi. Mikangano imene mukuti siidziwika chiyambi chake nthawi zina imachokera pamenepa. Lembani ndandanda woonekera kwa onse kuti azipita mosinthana. Munthu amapirira ntchito yolemera akaona kuti katundu ndi phindu zikugawidwa mwachilungamo, koma kukondera kumamufooketsa msanga kuposa kuchuluka kwa ntchito.

Muwachotserenso katundu amene si wawo okha. Kulondola ana amene asiya sukulu, kukambirana ndi makolo a mtsikana amene wabereka kuti abwerere monga mmene ndondomeko ya boma imalolera, ndi kuonetsetsa kuti pa sukulu pali ndowa, sopo ndi zimbudzi zosamalika, ndi ntchito imene komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi la PTA, gulu la amayi la Mother Group, mafumu, mashehe ndi abusa ayenera kugwira nanu limodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Itanani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kuti azibwera kudzalankhula ndi aphunzitsi nthawi iliyonse pamene kwamveka za matenda, chifukwa mphekesera za pa WhatsApp zinawonjezera mantha kwambiri pa nthawi ya Covid-19, makamaka pa nkhani ya katemera, ndipo munthu amene wamva zoona kuchokera kwa wodziwa amagona bwino.

Za mphunzitsi wa mowa uja, pamafunika chifundo ndi malire pamodzi. Lankhulani naye ali bwinobwino, mumuuze zimene mwaona popanda kumunyoza, mumufunse chimene chinayambitsa, ndipo mumulimbikitse kupita kuchipatala, chifukwa kumwa kotere nthawi zambiri kumabisa nkhawa kapena chisoni. Koma mumuuzenso momveka kuti sadzaloledwa kuima pamaso pa ana ataledzera, ndipo zikachitikanso mudzadziwitsa a PEA. Mukatero mwateteza ana ndipo mwamupatsa mwayi. Inuyo pezani ahedi anzanu awiri kapena atatu a m'zoni yanu amene mungamakambirane nawo momasuka mukakumana ku TDC, chifukwa pali zinthu zimene mtsogoleri sangaziuze anthu amene akuwatsogolera.

FUNSO: Aphungu, amuna anga ankaphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale yomwe si ya boma kufupi ndi Monkey Bay. Sukulu zitatsekedwa mu 2020 malipiro anaima, ndipo anatenga ngongole ya katapila kuti ayambe geni ya nsomba, koma inagwa. Anabwerera ku ntchito koma ngongole ikukulabe. Masiku ano salankhula, sadya bwino, anasiya kupita ku bawo ndi kokapemphera, ndipo sabata yatha anandiuza kuti ine ndi ana tikanapuma iwo akanachoka. Mnzanga wina akuti ndiwauze alimbe mtima ngati mwamuna. Ndichite chiyani? Ndine Mayi Wankhawa, Monkey Bay.

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kulemba, ndipo ndikukupemphani kuti muchitepo kanthu lero lomwe. Zimene mwafotokozazi zapitirira pa kutopa ndi ntchito, ndipo si nkhani yophunzira kuugwira mtima. Munthu akakhala wosasangalala kapena wopanda chidwi ndi zinthu zimene ankazikonda pafupifupi tsiku lonse kwa masabata awiri kapena kuposerapo, pamodzi ndi kusintha kwa kadyedwe ndi kagonedwe ndi kudziona wopanda pake, madokotala amaganizira matenda ovutika maganizo, amene ndi matenda enieni ndipo ali ndi chithandizo. Mawu amene anakuuzani sabata yathayo ndi chenjezo lakuti angakhale akuganiza zodzipha. Malipoti a apolisi m'dziko muno akhala akusonyeza kuti ambiri mwa anthu odzipha ndi amuna, ndipo ngongole imatchulidwa kawirikawiri. Malangizo a mnzanuwo musawatsate, chifukwa mawu akuti mwamuna salira ndi amene amachititsa abambo ambiri kukhala chete mpaka zinthu zitafika poipa.

Pezani nthawi imene muli awiriwiri ndipo muwafunse mosapita m'mbali, modekha, ngati akuganiza zochotsa moyo wawo. Ambiri amaopa kuti kufunsa kumaika maganizowo m'mutu mwa munthu, koma kafukufuku wasonyeza kuti sizili choncho, ndipo nthawi zambiri munthuyo amapepukidwa kuti wina wamumva. Akayankha, musawakalipire, musawalalikire, ndipo musalonjeze kusunga chinsinsi. Chotsani m'nyumba mankhwala ophera makoswe ndi tizilombo ta m'munda kapena m'nkhokwe, mapiritsi ochuluka ndi zingwe, mukasungitse kwa munthu wina, chifukwa maganizo oterewa amakwera ndi kutsika, ndipo chida chikakhala patali nthawi yoopsayo imatha kudutsa. Musawasiye okha masiku ano, ndipo dziwitsani m'bale mmodzi amene iwo amamulemekeza, kaya ndi ankhoswe, achimwene awo kapena mtsogoleri wa kumene mumapemphera.

Pitani nawo ku chipatala cha Monkey Bay kapena ku chipatala chachikulu cha boma pa Mangochi, ndipo mukafike n'kunena kuti mukufuna kuonana ndi woona za matenda a maganizo. Mukawauze mawu enieni amene amuna anu analankhula, osawafewetsa chifukwa cha manyazi. Anthu ambiri amathandizidwa ndi uphungu kapena mankhwala akukhala kunyumba kwawo, ndipo ndi ochepa okha amene amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital. Akapatsidwa mankhwala, dziwani kuti amatenga masabata angapo kuti ayambe kuonetsa kusintha, choncho asawasiye msanga poganiza kuti sakugwira ntchito, ndipo muziwaperekeza pa masiku obwerera kuchipatala. Ngati mukufuna kulankhula ndi wazaumoyo musananyamuke, imbani Chipatala cha pa Foni pa nambala yaulere ya 929.

Ngongoleyo muitenge ngati nkhani ya banja lonse, isakhalenso ya iwo okha. Khalani pansi ndi achibale a mbali zonse ziwiri, mulembe ndalama imene anatenga, imene abweza kale ndi imene wokongozayo akufuna, ndipo akuluakulu awiri apite kukakambirana naye za kuimitsa chiwongoladzanja ndi kubweza pang'onopang'ono. Wokongozayo akayamba kuopseza kapena kulanda katundu mwachisawawa, kadziwitseni amfumu kapena apolisi.